Amen Safufutidwa

Lachiwiri limenelo ntchito zinali zitandikwanira kale popanda wina kuwonjezerapo. Kuchapa zofunda zonse n'kuziyanika pa hita, chifukwa kunja kunali kamvula kosaleka kaja. Kugwira shifiti ya m'mawa kusitolo kwa anti Shamshad. Masana kupita ndi mwana wanga Fiona kukiliniki akamubaye jakisoni. Pobwerera kudzera kubucha, kukolopa kubafa, kenako kutsitsa zovala za Lovemore pamwamba pa wadiropu kuti fungo la chinyontho lichoke. Mwamuna wanga amafika Lachinayi.

Lovemore ndi msilikali. Analowa usilikali wa kuno ku Britain monga amalowera anyamata ambiri a kwathu, ndipo kampu yake ili ku Rutland. Ine ndi mwana timakhala ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, kufupi ndi ntchito yanga komanso ndi achimwene ake a Lovemore, a Fredrick. Nthawi imeneyi n'kuti Lovemore atatha miyezi ali kunja, kudziko limene sindilitchula ngakhale pano. Asananyamuke, ife a m'mabanja anatisonkhanitsa mu holo ina kukampu, mayi wina wa yunifolomu n'kutilankhula. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye Chizungu chake china chinkangondidutsa. Koma mfundo yake ndinaigwira: kumene kuli amuna anu, tsiku lobwera, ndege imene akwere, zimenezo si zolemba pafoni.

Ine ndinasunga. Amayi anga akafunsa ali ku Balaka ndinkangoti, "Ali kuntchito."

Ndikusanja mapaketi a mpunga pashelefu, Fiona akugona m'kangolo kake kuseri kwa kauntala, foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Inanjenjemera, kunjenjemeranso. Ndinadziwa kuti ndi gulu la WhatsApp la kutchalitchi kwathu, chifukwa kumeneko wina akangoyetsemula anthu amayankha Amen mpaka dzuwa kulowa. Sindinaitulutse.

"Amake Fiona, foni yako ikuvina beni," anatero anti Shamshad ali pa tilu. Iwowa ndi Amwenye obadwira ku Limbe, ndipo Chichewa anayamba kulankhula ine ndisanabadwe. "Tsopano ikulira. Yankha, mwina ndi bwana wako."

Analidi iyeyo, Lovemore.

"Angela, waona zimene achita achimwene?" Ankalankhula motsitsa mawu, ngati munthu amene wabisala kuchimbudzi.

"Moni kaye, bambo a Fiona."

"Tsegula gulu la kutchalitchi. Pompano."

Ndinatsegula. Pamwamba pa ma Amen onse aja panali uthenga wa alamu anga a Fredrick, ndi zithunzi ziwiri. China chinali cha Lovemore atavala yunifolomu, dzina lili pachifuwa, baji ya gulu lake ikuoneka bwinobwino paphewa. Chinacho chinali mapu: kandege kachikasu, mzere wochokera ku England mpaka kumene kuli Lovemore, nambala ya ndegeyo pambali. Pansi pake analemba kuti, "Abale mwa Ambuye, iyi ndi ndege imene imanyamula asilikali athu. Lachitatu ikukatenga mng'ono wanga Lovemore ndi anzake onse kubwera nawo kuno. Tiiphimbe ndi mwazi wa Yesu kuyambira ponyamuka mpaka potera."

"Mwawauza ndinu?" ndinafunsa.

"Ndinangoti adzanditenge kukampu Lachinayi m'mawa. Basi. Munthu ali ndi takisi, ndikanauza ndani? Zinazo afufuza okha."

"Ndiye titani?"

"Mkazi wa mnzanga wina waziona, sindikudziwa kuti, wauza mwamuna wake, iye wandionetsa. Akuluakulu sanazione. Zikawapeza, ine ndege imeneyo sindikwera. Mwinanso sakwera aliyense. Achimwene foni yanga sakuyankha, ndipo kuno mafoni tikukapereka posachedwapa. Zichoke, Angela. Paliponse pamene zili, zichoke."

Anadula ndisanamufunse ngati akudya bwino.

Alamu nditawaimbira ine anayankha msanga, akuyesa ndikufuna kuthokoza. Anali chapafupi, ndipo posakhalitsa analowa m'sitolo akumwetulira, makiyi akuzungulira pachala.

"Alamu anga! Mwaona mmene Leicester yense wagwadira chifukwa cha mwamuna wanu? Anti, samusa ziwiri. Alipira ndi alamuwa, lero ndi otchuka."

"Alamu, chotsani uthenga uja."

"Uti?"

"Wa ndege."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule nsapato pamsewu. Kenako anatulutsa foni, n'kundionetsa mapu odzaza ndi tindege tachikasu tikuyenda ngati nyerere.

"Apu imeneyi ndi khasu langa, alamu. Kasitomala akandiuza kuti akutera ku East Midlands kapena ku Birmingham, ndimaona pano ngati ndege yachedwa, kuti ndisakaime chabe pa pakingi. Ndiye Lovemore atati Lachinayi m'mawa, ndinati dikira. Dziko anandiuza yekha ponyamuka, si ndine mkulu wake? Ndinayang'ana ndege za asilikali zopita mbali imeneyo. Ilipo imodzi, imapita sabata ndi sabata n'kubwerera. Mwana wa Sitandade 3 akhoza kuwerengera."

"N'chifukwa chake ndikuti chotsani. Ngati mwatha inu, wa mtima woipa alephera bwanji?"

"Ehe, mwadziyankha nokha! Ndege ili pa apu, dziko lonse likuiona. Ine ndaulula chiyani? Akanafuna chinsinsi akanazimitsa kachipangizo kawoko."

"Apu ikuonetsa ndege. Sikunena kuti m'katimo mukwera ndani, a gulu liti, tsiku liti. Zimenezo mwawonjezera ndinu, ndi nkhope yomwe."

"Iii, alamu, usilikali mwaulowa liti? Sitinaitanidwe ku pasi auti."

"Fredrick," anatero anti Shamshad akukulunga samusa, "galimoto ya katundu wanga aliyense amaiona pamsewu. Koma sindilemba pawindo kuti Lachisanu imabwera ndi ndudu."

"Anti, izi ndi za mpingo." Alamu anasiya kuseka. "Kwathu munthu sanyamuka ulendo osaupereka m'manja mwa Mulungu pamaso pa anthu. Wopita ku Lilongwe pabasi timamupempherera, nanga wodutsa pamwamba pa nyanja? Ouluka mwakachetechete, wina osadziwa, ndi afiti. Mng'ono wanga si mfiti."

Ndinapuma kaye. Munthu ndi mkulu wa mwamuna wanga, sindingamukalipire pamaso pa makasitomala. Ndinatsitsa mawu.

"Alamu, Lovemore wandiimbira. Akuti akuluakulu akaziona, ndege sakwera. Akapanda kubwera Lachinayi, matewera a Fiona mudzabwera kudzasintha ndinu, chifukwa ine msana watha."

"Wanena choncho iyeyo?"

"Yang'anani mafoni ake amene simunayankhe."

Anayang'ana. Anadzikanda kumutu, anatokosa foni ndi chala chachikulu, n'kuitembenuzira kwa ine.

"Ndadilita. Mwasangalala? Koma za pa Facebook si ine ayi."

"Facebook itinso?"

"Mai Beatrice aziika patsamba la mpingo m'mawa womwe uno. Ajawo ndiye ine sindiwayamba, alamu. Komanso ndili ndi kasitomala ku Loughborough."

Anatenga samusa zawo n'kutuluka.

Mai Beatrice ndi mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu. Kwawo ndi ku Chipata, ku Zambia, ndipo anagwira unamwino kuno mpaka kupuma. Tsamba la mpingo amaliyendetsa okha, ndipo ndi lotsegukira aliyense, chifukwa amati uthenga wabwino sutsekeredwa pakhomo. Ndinawaimbira. Sanayankhe. Ndinakumbuka kuti Lachiwiri amasala kudya ndipo mafoni sayankha mpaka madzulo. Ndinatsegula tsambalo: nkhope ya mwamuna wanga, kandege kachikasu, ndipo pansi pake Mai Beatrice anali akuyankha Amen aliyense ndi kamtima kofiira. Kuyankha foni kumaswa kusala, koma timitima ayi.

"Pita," anatero anti Shamshad ndisanapemphe n'komwe. "Mpunga sungathawe. Ndikanakuperekeza, koma mwana wanga Fazal wapita ndi galimoto."

Kuchokera ku Beaumont Leys kupita ku Evington, kumene amakhala Mai Beatrice, ndi mabasi awiri. Yoyamba inabwera malo a ngolo atadzaza kale, dalaivala anangopukusa mutu. Yotsatira ndinakwera. M'tauni Fiona anadzuka n'kuyamba kulira, ndinamupatsa bisiketi, anaiponya pansi. Nthawi ya jakisoni inandikwanira ndili m'basi ya ku Evington, magalasi atachita nthunzi, ine ndikuyang'ana tsamba lija. Nthawi iliyonse ndikalitsegula ma Amen anali atawonjezereka, ndi osheya omwe.

Mai Beatrice anatsegula chitseko atavala duku loyera.

"Amake Fiona! Ona mwana wa Mulungu, abwera yekha kuzathokoza. Ngena, ngena, mvula iyi. Chosa nsapato."

Ndinavula nsapato. Ndinapinda kangolo. Ndinakhala m'mphepete mwa sofa, n'kutsikira pansi pang'ono popereka moni. Anafunsa za Fiona, mano angati. Anafunsa za amayi ku Balaka, za mvula ya kumeneko, za shuga wa bambo anga omwe anamwalira kale, n'kupepesa, n'kufunsanso za maliro ake. Anapita kukhitchini kukandiphikira tiyi ngakhale iwo anali kusala. Ine ndinali nditakhala pamoto, koma kwa munthu wamkulu nkhani suiyamba asanakufunse chimene wadzera.

"Manje kamba, mwana wanga," anatero pomaliza.

"Mai, ndabwera ndi pempho. Uthenga wa ndege ya bambo a Fiona uja, ndimati muuchotse."

"Nichose?"

"Ee, mai. Kuntchito kwawo salola. Akauona akuluakulu, sakwera ndege."

Anatenga magalasi awo, anatenga foni, n'kudzakhala pafupi nane.

"Ona apa. Amen, uyu ni mulongo wanga ku Lusaka. Amen, aba ni abusa a ku Texas. Amen, mai uyu wa ku Area 25 akamba ati azasala mpaka ndege ikatere. Anthu mazana, amake Fiona. Aliyense waika Amen yake pamutu pa mwamuna wako. Manje iwe ufuna nitenge ma Amen onse aya nitaye mu bini?"

"Mulungu wawamva kale, mai."

"Amen safufutidwa. Amen ni chidindo. Ukadinda kalata, sungabwelenso ati bwezani inki yanga."

"Koma pali mapu, pali nambala ya ndege, pali tsiku. Aliyense akuona, ndi oipa omwe."

"Oipa azachita chani pamene pali mwazi wa Yesu? Ise tinapemphelela anthu mu wodi, madokota atasiya. Chitetezo ni Mulungu, osati kubisa."

"Mai, Mulungu akudziwa kumene kuli Lovemore. Safuna mapu."

Zinangotuluka. Mai Beatrice anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewo adzafika kwa amayi onse a mumpingo sabata isanathe. Fiona anali atakwawira kushelefu n'kuyamba kukoka nsalu yoluka pansi pa vazi. Ndinamunyamula, ndinamukhazika pamwendo, anayamba kulimbana nane.

"Ana a manje," anatero Mai Beatrice. "Anthu akukondani, imwe muona adani. Ona uyu, ngakhale muzungu wakhudzidwa."

Anandionetsa. Pakati pa ma Amen panali ndemanga ya Chizungu, ya munthu wopanda chithunzi, dzina lake zilembo ndi manambala. Analemba kuti Mulungu adalitse anyamata athu, kenako anafunsa kuti ndegeyo inyamuka nthawi yanji kumeneko, ndipo akwera angati.

"Mukumudziwa ameneyu, mai?"

"Ni mwana wa Mulungu. Afuna azipemphela pa nthawi yake yeniyeni. Namuyankha ati nizafunsa a Fredrick."

Ndinaiwerenganso ndemanga ija. Mwina analidi munthu wopemphera. Mwina anali wa kuntchito kwa Lovemore, akuyesa kuona kuti tiulula mpaka pati. Mwina anali wina. Ine sindikudziwa mpaka lero, ndipo pa sofa paja ndinalibe nthawi yoti ndidziwe.

Ndinamuika Fiona pansi, ndinagwada pakapeti mawondo onse awiri.

"Mai, ndagwira mwendo wanu. Miyezi yonseyi ndili ndekha ndi mwanayu. Ndimadzuka ndekha, kuntchito ndi iye, kuchipatala ndi iye. Ndikungofuna bambo ake abwere Lachinayi. Pempherani, salani, ine ndithokoza. Koma zithunzizo zichoke."

Anausa moyo. Si munthu woipa, Mai Beatrice. Fiona atabadwa anabwera ndi mapoto a chakudya sabata yathunthu.

"Nyamuka, mwana wanga, nyamuka. Chabwino. Tichite so: chosa ka mapu na chithunzi, koma ma Amen usagwileko. Ine ma foni aya sinimaziba bwino. Tenga."

Anandipatsa foni m'manja.

Ndinayesadi. Ndinadina timadontho titatu tija, ndinapeza posinthira. Koma kuchotsa zithunzi kukanasiya mawu a alamu, Lachitatu ndi dzina la Lovemore zili pomwepo. Kusintha mawuwo, akale amaonekabe kwa amene akufuna kuwaona. M'ndemanga anthu anali atabwereza okha, wina dzina la dziko, wina tsiku, wina mpaka kujambulanso kandege kaja pa apu yake kusonyeza pamene kali. Ndipo onse amene anasheya, zawo zinali zomangirira ku uthenga umenewu. Ukachoka wonse, n'zawo zomwe zigwa.

Pansi pa posinthira panali podilitira. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinadina.

"Watha?" anafunsa Mai Beatrice.

"Ndatha, mai. Ndachotsa zonse."

"Zithunzi zonse?"

"Zonse. Ndi ma Amen omwe."

Analanda foni. Anakweza tsamba ndi chala, kutsitsa, kukwezanso. Pamwamba panali chilengezo cha sabata yatha cha kwaya.

"Nakupasa foni yanga na manja awili."

"Pepani, mai. Panalibe njira ina."

"Unaniuza? Unanifunsa? Mai wa ku Area 25 ali na njala manje so, asalila chinthu chamene kulibe! Nizamuuza chani?"

"Muwauze apitirize. Ndege ikadalipo."

"Tenga mwana wako."

Ndinatenga mwana wanga. Kutambasula kangolo pakhomo la munthu amene wakukwiyira, mvula ikugwa, nsapato imodzi isanalowe bwino, ndi ntchito yotenga nthawi. Anaima pomwepo osandithandiza, osatsekanso chitseko, mpaka nditafika pamsewu.

Pa siteji ndinamulembera Lovemore kuti zachoka zonse, kugulu ndi ku Facebook komwe. Uthenga unapita koma sunawerengedwe. Ndili m'basi yachiwiri, foni inalira, nambala yosaoneka. Anali mayi wa yunifolomu uja, wa mu holo. Analankhula mwaulemu, pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati akudziwa kuti uthenga wachotsedwa, ndipo athokoza. Anati koma anali ataujambula kale m'mawa, ndi ndemanga zake zonse. Anandifunsa kuti Fredrick ndi ndani, Beatrice ndi ndani. Kenako anati ndisayembekezere munthu Lachinayi, ndipo tsiku lina sangandiuze.

"Koma ndachotsa," ndinatero m'Chizungu changa chomwecho. "Ndakwera mabasi awiri."

Anati akumvetsa.

Zimene zinatipweteka pa nkhani imeneyi ndi izi. Lachitatu lija ndege inapitadi, alamu anaiona pa apu yawo, koma inabwerera yopanda gulu la Lovemore. Anzake anafika sabata yotsatira, pa ndege ina, tsiku limene sanauze aliyense, ndipo akazi awo ena sandiyankhanso moni. Lovemore anatsala kumeneko kuyankha mafunso, anafika mwezi ukutha. Ntchito sanamuchotse, koma dzina lake analichotsa pa kosi imene ikanamukweza udindo chaka chino, ndipo kukampu anzake amamutcha Amen. Kugulu la amayi anandichotsa popanda kundiuza. Kutchalitchi ndimapitabe, ndimakhala kumbuyo. Alamu amati iwo anangopempherera mng'ono wawo, ndipo moni wanga amayankha akuyang'ana Fiona.

Lovemore akupitanso kunja chaka chisanathe. Kumene akupita sanauze achimwene ake. Sanandiuzenso ine.